Kodi mpanda wa pulasitiki ungapirire dzuwa ndi mphepo ya ku Lilongwe?

Funso: Ndili ndi puloti ku Lilongwe. Kutsogolo kwa nyumba kuli mpanda wa njerwa, koma kumbuyo, kumene ndimalima masamba, kuli mpanda wa udzu wotalika mamita 30 umene chiswe chimaugwetsa pafupipafupi. Mwana wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg akufuna kunditumizira mpanda wa pulasitiki wosaonekera mkati, wa msinkhu wa mita 1.8. Kodi ungapirire dzuwa lathu lino, nanga mmisiri wamba wa zomangamanga angathe kuuimika? Ndiyambire pati?

Yankho: Mayi, mpanda umene mwana wanu akunena ungathe kukhala zaka zambiri kuno kwathu, ndipo mmisiri aliyense wodziwa kugwiritsa ntchito chingwe ndi levulo angauimike, malinga ngati avomera kusiya zizolowezi ziwiri zimene anatengera ku ntchito ya matabwa ndi njerwa. Chizolowezi choyamba ndi kunyamula chinthu m'manja, n'kuona kuti n'chopepuka, kenako n'kuganiza kuti timaenje tating'ono tikwanira. Chachiwiri ndi kukhoma ndi kuthinitsa chilichonse kuti chisagwedere ngakhale pang'ono. Mipanda ya pulasitiki imene imapendekeka kapena kupindika isanathe zaka ziwiri nthawi zambiri imakhala itaonongeka pa zifukwa ziwirizi, ndipo dzuwa limangonamiziridwa.

Musanalole kuti katunduyo agulidwe, dziwani chimene mpandawu ungakuchitireni ndi chimene sungathe. Umatchinga maso a odutsa, umachepetsa fumbi ndi mphepo m'dimba, suola, sugwira dzimbiri, sufuna utoto, ndipo chiswe chimene chakuvutitsani sichiudya. Koma suletsa wakuba. Matabwa ake ndi amphako, sowo yodulira zitsulo imawadula mosavuta, ndipo munthu wamphamvu akhoza kuwasolola powamenya ndi phazi. Ngati kumbuyo kwa puloti yanu kwayang'ana kutchire kapena kunjira imene anthu amadutsa usiku, ine ndingakulangizeni kuti ndalamazo zipite ku mpanda wa mabuloko a simenti. Ngati kwachita malire ndi anansi amene nawonso ali mumpanda, ndipo chimene mukufuna ndi kulima, kuchapa ndi kuyanika zovala popanda kuonedwa, pamenepo pulasitiki ndi yoyenera. Powerengera mtengo, musaiwale kuphatikiza ndalama zonyamulira kuchokera ku South Africa ndi msonkho wa MRA pachipata cha Mwanza kapena Dedza, kenako muyerekeze ndi mtengo wa khoma la mabuloko lokhala ndi maziko ake ndi pulasitala. Mtengo wa m'sitolo ya ku Johannesburg pawokha ungakupusitseni.

Pa nkhani ya dzuwa, nkhawa yanu ndi yomveka, chifukwa tonse taonapo mipando ndi mabeseni a pulasitiki akufwifwa n'kusweka atakhala pabwalo nthawi yochepa. Mpanda wabwino umapangidwa ndi PVC yolimba, mtundu womwewo wa mapaipi a madzi oipa ndi mafulemu a mawindo. PVC payokha imagonja ndi kuwala kwa dzuwa kosaoneka ndi maso kotchedwa UV, ndipo Lilongwe, amene ali pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere komanso madigiri 14 okha kum'mwera kwa Equator, amalandira kuwala kumeneku kwamphamvu chaka chonse. Chimene chimateteza pulasitikiyo ndi ufa woyera wotchedwa titanium dioxide, umene umapezekanso mu utoto woyera wa nyumba. Ufawu ndi wokwera mtengo, choncho opanga ambiri amauika wochuluka m'khungu lakunja la thabwa, pamene mkati amaikamo mankhwala othandiza kuti lisasweke likamenyedwa. Opanga ofuna kutchipitsa amachepetsa ufawu n'kudzazamo choko wambiri, ndipo katundu wotere amaoneka bwino m'sitolo koma amasanduka wachikasu ndi wosweka msanga.

Mwana wanu afunse wogulitsa mafunso atatu ndipo mayankho akhale olembedwa: ngati mpandawo unapangidwira dzuwa lamphamvu, ngati unayesedwa motsatira muyezo wodziwika monga ASTM F964 umene dziko la America limagwiritsa ntchito pa PVC ya mipanda, ndiponso ngati ulibe mtovu. Funso lomalizali ndi lofunika kwa inu chifukwa mpandawo udzakhala m'mbali mwa masamba odya. Kale mtovu unkagwiritsidwa ntchito kwambiri polimbitsa PVC, ndipo opanga a m'mayiko a European Union anausiya pofika kumapeto kwa 2015, koma si mafakitale onse padziko amene anachita chimodzimodzi. Ayang'anenso kumapeto kwa mzati kumene kwadulidwa: khoma lake likhale lochindikala mamilimita osachepera 3.5 ndipo kuchindikalako kukhale kofanana mbali zonse zinayi. Pa mtundu, sankhani woyera kapena wotuwira ngati mchenga. Mitundu yakuda ndi yakhofi imamwa kutentha kochuluka, ndipo PVC imayamba kufewa ikayandikira madigiri 80, koma imayamba kulendewera ndi kupindika isanafike pamenepo. Wotuwira uli ndi ubwino wina kwa ife, wakuti fumbi lofiira la m'chilimwe silionekera kwambiri.

Ntchito yeniyeni imayambira pa malire. Mpanda wa udzu umasuntha pang'onopang'ono nthawi iliyonse ukamangidwanso, moti pamene waima lero sipangakhale pamene pali malire enieni. Funafunani mabikoni a puloti yanu, ndipo ngati anakwiririka kapena kuzulidwa, itanani katswiri woyeza malo wovomerezeka kuti awabwezeretse, chifukwa mzati wa m'konkire susunthika ngati mtengo wa bulugamu. Kambiranani ndi anansi anu musanakumbe, ndipo mzere wa mizati ukhale mkati mwa malo anu ndi masentimita ochepa, kuti ngakhale konkire ya pansi isalowerere kwa eni ake. Pitaninso ku ofesi ya mapulani ya khonsolo ya mzinda mukafunse ngati mpanda wa msinkhu umenewu ukufunika chilolezo m'dera lanu. Kenako tsatirani kumene kunadutsa paipi ya madzi kuchokera pa mita ya Lilongwe Water Board, mapaipi opita ku thanki ya chimbudzi, ndi waya wa magetsi ngati unakwiriridwa kupita ku nyumba ya kumbuyo. Mgwala suona chimene chili pansi.

Popeza mpandawu uzungulira dimba, lingalirani za mthunzi. Mpanda wa udzu umalowetsa kuwala pang'ono, koma uwu sulowetsa konse. M'miyezi yozizira, imene ndi nthawi ya mpiru, repu, kabichi ndi tomato, dzuwa limadutsa chakumpoto kwa ife. Pa 21 Juni masana ku Lilongwe limakhala pa madigiri pafupifupi 53 kuchokera pansi, ndipo mpanda wa mita 1.8 umaponya mthunzi wa pafupifupi mita 1.4 chakum'mwera kwake; m'mawa ndi madzulo mthunziwo umatalika kuposa pamenepo. Ngati mpanda udzakhala kumpoto kwa dimba, siyani kanjira ka mita imodzi ndi theka m'mbali mwake ndipo mabedi ayambire pamenepo. Ngati udzakhala kum'mwera, vutoli ndi laling'ono kwambiri, chifukwa ngakhale mu Disembala, pamene dzuwa limapendekera kum'mwera, mthunzi wa masana sufika theka la mita.

Tsopano tifike pa mphepo, pamene pagona nkhani yonse. Mpanda wa udzu kapena wa waya umalola mphepo kudutsa, koma mpanda wosaonekera mkati umailandira yonse ngati thanga la ngalawa. Chigawo chimodzi cha msinkhu wa mita 1.8 ndi m'litali mamita 2.4 chili ndi malo okwana masikweya mita 4.3. Mphepo ya mkuntho yothamanga makilomita 100 pa ola ikawomba molunjika pa chigawo chimenechi, imakankha ndi mphamvu yoposa kulemera kwa makilogalamu 200, ndiko kuti matumba anayi a simenti. Mzati uliwonse wa pakati umasenza theka la chigawo cha kumanzere ndi theka la cha kumanja, choncho katundu yense ameneyu amagwera mzati umodzi, ndipo amaukankha chapakati pa msinkhu wake pofuna kuuzula kapena kuuthyola pamene watulukira m'nthaka. Liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza kanayi. Ichi n'chifukwa chake mpanda umene wapirira mphepo ya mu Julayi popanda vuto ungagwe pa mkuntho umodzi wa mvula zoyamba mu Novembala kapena Disembala, womwe uja umasasula madenga a sukulu, makamaka chifukwa nthawi imeneyo nthaka imakhala itafewa ndi madzi.

Pa chifukwa chimenechi, mzati ukhale wautali moti gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a utali wake lilowe pansi. Pa mpanda wa mita 1.8, mizati ikhale ya mamita 2.5 kapena kuposerapo, ndipo dzenje likhale lakuya masentimita 70 mpaka 80 ndi lotambalala masentimita 30. Mwana wanu aonetsetse utali umenewu asanalipire, chifukwa mzati waufupi sungatalikitsidwe. Makoma a dzenje akhale oongoka, kapena dzenje litambalale pang'ono chakunsi. Anyamata ambiri okumba ndi khasu amapanga dzenje lotambalala kukamwa ndi losongoka pansi, ndipo konkire ya m'dzenje lotere imagwedera ndi kukwera mosavuta nthaka ikanyowa. Pansi pa dzenje pathiridwe miyala ya kwale yokwana masentimita 10 n'kuisinja, kuti madzi olowa mumzati apeze potulukira.

Mabuku a malangizo ochokera ku America ndi ku Ulaya amalimbikira zoti dzenje lipitirire pamene nthaka imaundana ndi chisanu. Zimenezo sizitikhudza, koma tili ndi vuto lathu lofanana nalo, lomwe ndi dothi la makande. Dothi lakuda la m'madambo limafufuma m'dzinja n'kung'aluka m'chilimwe, ndipo limakankha mizati uku ndi uku chaka ndi chaka. Ngati puloti yanu ili pa katondo wofiira, miyezo ndatchulayi ndi yokwanira. Ngati yatsikira kudambo, kapena ngati dothi la m'mphepete mwa dimba ndi lofewa chifukwa cholimidwa ndi kuthiriridwa zaka zambiri, maenje afike masentimita 90, ndipo muganizire zodula mitanda yopingasa imene imalumikiza mizati n'kugwira matabwa, kuti mizati italikirane mita 1.8 m'malo mwa mamita 2.4. Kuchita zimenezi kumachotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a katundu amene mzati uliwonse umasenza, ngakhale kuti mudzagula mizati yochulukirapo.

Konkire isakanizidwe muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga wa kumtsinje wopanda dothi, ndi inayi ya miyala ya kwale, ndipo madzi akhale ongokwanira kuti igwirane, osati yoyenderera. Dzenje la masentimita 30 ndi 70 limadya malita pafupifupi 40 a konkire mukachotsa malo a mzati, kutanthauza kuti thumba limodzi la makilogalamu 50 limakwanira maenje pafupifupi anayi. Pa mamita 30 anu, ngati mizati yatalikirana mamita 2.4, mudzakhala ndi zigawo 12 zathunthu ndi chimodzi chodula, ndipo mizati idzakhala 14 ngati mzerewo ndi woongoka. Matumba anayi angakwane, koma gulani asanu kapena asanu ndi limodzi chifukwa cha mizati ya geti. Mmisiri akakuuzani kuti thumba limodzi likwanira maenje khumi, dziwani kuti akufuna kungopaka simenti pamwamba pa dothi ndi zibuma. Konkire isinjidwe ndi ndodo pothira kuti isasiye mphako, ndipo pamwamba pake pakhale potsetsereka kuchoka pamzati kuti madzi asadikhe.

Mzati wa PVC ndi wamphako, ndipo pawokha umapindika ukakankhidwa kwambiri. Mizati ya kumapeto, ya pangodya ndi ya geti iyenera kulimbitsidwa mkati. Opanga ena amagulitsa chitsulo cha aluminiyamu cholowetsa mumzati, ndipo ngati chilipo ndi bwino kuchigulira limodzi. Ngati palibe, njira imene imatheka kuno ndi kuimika zitsulo ziwiri za Y12, zija zolimbitsira konkire za mamilimita 12 kunenepa, mkati mwa mzati, motalikirana, kuchokera pansi pa dzenje, kenako n'kuthiramo konkire ya miyala ing'onoing'ono mpanda wonse utalumikizidwa kale. Musanathire, kumapeto kwa mitanda imene yalowa mumzati kumatidwe ndi tepi kuti konkire isalowe m'mitandamo n'kuilemetsa. Pamalo pamene mphepo imawomba popanda chotchinga, ine ndingalimbitse mzati wachiwiri uliwonse mwa njira yomweyi, kufika theka la msinkhu wake. Ena amakonda kuimika paipi yachitsulo n'kuveka mzati wa pulasitiki pamwamba pake. Zimenezi zimatheka, koma yezani kaye, chifukwa mitanda imalowa masentimita atatu kapena anayi mumzati kuchokera mbali zonse ziwiri ndipo malo otsala pakati ndi ochepa.

Mipanda yambiri ya mtundu uwu imabwera ndi mizati yobooledwa kale, ndipo mabowo ake amasiyana: mzati wa pakati uli ndi mabowo mbali ziwiri zoyang'anana, wa pangodya mbali ziwiri zoyandikana, ndipo wa kumapeto mbali imodzi yokha. Choncho jambulani mzere wa mpanda papepala, mulembe miyezo, ngodya ndi pamene padzakhale geti, n'kutumiza chithunzi chake kwa mwana wanu kuti wogulitsa awerenge mizati ya mtundu uliwonse. Tsiku loyamba ntchito, mmisiri akhome zikhomo kumapeto, amange chingwe cholimba, ndipo ngodya aiyese ndi miyezo ya 3, 4 ndi 5: mamita atatu mbali imodzi, anayi mbali inayo, ndipo pakati pa nsonga ziwirizo pakhale mamita asanu. Msinkhu wa mizati autenge ndi paipi yoonekera mkati yodzaza madzi, imene amisiri athu amaidziwa bwino, chifukwa levulo yaifupi imanama pa mtunda wa mamita 30.

Apa pali msampha umene amisiri ozolowera mpanda wa waya amagweramo. Iwo amaimika mizati yonse m'konkire tsiku limodzi, n'kudzabwera mawa lake kudzalowetsa zotsalazo. Pa waya, kuphonya ndi masentimita asanu si kanthu. Pa pulasitiki, mtanda unadulidwa kale ku fakitale, ndipo mizati ikatalikirana mopitirira ndi masentimita awiri okha, mtandawo sugwira bwino. Ikayandikana, uyenera kudulidwa n'kutaya timano take togwirira. Njira yabwino ndi kuyenda chigawo chimodzi chimodzi. Aimike mzati woyamba, auyese ndi levulo mbali ziwiri, authire konkire n'kuuchirikiza ndi matabwa. Kenako alowetse mtanda wapansi m'bowo lake, aike mzati wachiwiri m'dzenje popanda konkire, alowetse mtandawo, ndipo mtanda womwewo ndiwo usonyeze pamene mzati wachiwiri uyenera kuima. Akatsimikiza kuti mzati uli pachingwe, uli chilili ndipo msinkhu wake ndi wolondola, ndiye athire konkire n'kupita kutsogolo. Mtanda wapansi uyenera kukhala ndi chitsulo mkati mwake, chifukwa ndiwo umasenza matabwa onse; wopanda chitsulo umalendewera pakati pakangotentha. Mtandawu ukhale masentimita asanu pamwamba pa nthaka.

Matabwa asalowetsedwe tsiku lomwelo. Konkire imagwira pakatha tsiku limodzi kapena awiri, koma imafika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu zake pakatha masiku 7, ndipo mphamvu yonse imene timawerengera imafika pa masiku 28. Matabwa akangolowa, mpanda umayamba kulimbana ndi mphepo, choncho dikirani masiku osachepera atatu, ndipo ngati nyengo ndi ya mphepo dikirani sabata yathunthu, mukuthirira konkireyo m'mawa ndi madzulo. Kulowetsa matabwa ndi ntchito yosavuta: lililonse lili ndi lilime mbali imodzi ndi mpata mbali inayo, amalowetsana atakhala mumtanda wapansi, kenako mtanda wapamwamba umavundikira mitu yawo n'kulowa m'mizati. Pogogoda agwiritse ntchito nyundo ya labala kapena aike kathabwa pakati. Chigawo chodula chija chiikidwe kumapeto kumene sikuonekera kwambiri, ndipo podula agwiritse ntchito sowo ya mano ang'onoang'ono.

Chizolowezi chothinitsa chija chimaonekera pa siteji imeneyi. PVC imatalika ikatenthedwa ndipo imafupika ikazizira, pafupifupi kasanu kuposa chitsulo. Mita imodzi imasintha ndi mamilimita pafupifupi 0.06 pa digiri iliyonse. Ku Lilongwe m'mawa wa mu Juni kumatha kuzizira kufika pansi pa madigiri 10, pamene masana a mu Okutobala thabwa limene lili padzuwa limatentha kuposa mpweya n'kuyandikira madigiri 50. Kusiyana kwa madigiri 40 kumeneku kumatalikitsa mtanda wa mamita 2.4 ndi mamilimita 5 kapena 6. Zikuoneka zochepa, koma mtanda ukakhomedwa molimba mbali zonse ziwiri, mamilimita amenewo alibe kolowera, ndipo mtandawo umapindika kapena umang'amba pamene pali sikuluwu. N'chifukwa chake opanga anakonza zoti mitanda izisuntha m'mabowo a mizati, itagwidwa ndi timano kapena timphete toletsa kusololoka. Mmisiri asamate mitanda ndi guluu, asakhome misomali, ndipo asaphatikize matabwa ndi masikuluwu pofuna kuti asagwedere. Kugwedera pang'ono kumeneko n'kofunika. Ngati akugwira ntchito m'mawa wozizira, asiye mpata wokulirapo mkati mwa mzati. Ngati ndi masana otentha, pulasitiki imakhala itatalika kale ndipo mpata ukhale wochepa. Katunduyo asaunjikidwe padzuwa atakutidwa ndi pepala lakuda podikira ntchito, chifukwa akhoza kupindika asanaimikidwe n'komwe.

Ngati malo ndi otsetsereka pang'ono, mitanda ikhoza kutsata nthaka, ndipo mabowo a mizati angakulitsidwe pang'ono ndi tupa. Ngati kutsetsereka n'kwakukulu, mpanda utsike ngati masitepe, chigawo chilichonse chili chopingasa bwino, ndipo pamenepo pamafunika mizati yaitali ndi yosabooledwa kuti mmisiri aboole yekha kapena agwiritse ntchito zogwirira za kunja. Mpata wa pansi uja musautseke ndi dothi. Makoma ambiri a njerwa amene amagwa m'dzinja amagwa chifukwa anatchinga madzi othamanga popanda potulukira. Ngati mukuopa nkhuku ndi agalu a anansi, yalani mzere umodzi wa mabuloko pansi pa mtanda, osaukhudza, ndipo musiye timipata ta madzi, makamaka kumunsi kwa puloti.

Geti ndilo limayamba kuvuta pa mpanda uliwonse wa pulasitiki, chifukwa kulemera kwake konse kumakokera mzati umodzi tsiku ndi tsiku. Dzenje la mzati wa mahinjesi likhale lalikulu kuposa ena, masentimita 40 m'mimba mwake ndi 90 kuya, ndipo mabawuti a mahinjesi apyole pulasitiki n'kukagwira chitsulo kapena konkire ya mkati; ngati mzatiwo udzathiridwa konkire, mabawuti amangidwe konkire isanathiridwe. Geti lisapitirire mita 1.2 m'lifupi, umene ndi mpata wokwanira wilibala, ndipo lipachikidwe patatha sabata. Kunena zoona, ine ndimakonda kuti wowotcherera zitsulo apange fulemu yachitsulo ndi mizati yake yachitsulo, aipake utoto woletsa dzimbiri, kenako matabwa a pulasitiki alowetsedwe m'fulemumo. Geti lotere limaoneka lofanana ndi mpanda koma silikhwefuka, ndipo loko amagwira pa chitsulo.

Zivundikiro za pamwamba pa mizati si zokongoletsera chabe. Mzati wosavundikira umasunga madzi a mvula, ndipo madzi odikha pafupi ndi nyumba ndi malo oswanirana udzudzu; mavu ndi njuchi nazonso zimakonda mphako zotere. Zivundikirozi ndizo zokha zimene ziyenera kumatidwa, ndi timadontho tiwiri ta guluu wa mapaipi m'ngodya ziwiri, kuti mphepo ndi ana asazichotse.

Mdani wamkulu wa mpandawu pakhomo la ku Malawi ndi moto. PVC siyaka msanga ndipo nthawi zambiri imazima yokha moto ukachotsedwa, chifukwa kuposa theka la kulemera kwa PVC yeniyeni ndi chlorine, koma imafewa ndi kukwinyika ndi kutentha kochepa kwambiri, ndipo ikapsa imatulutsa utsi wa asidi woopsa ku mapapo. Dzala lotenthera zinyalala, mbaula ndi moto wophikira panja zikhale mamita atatu kapena kuposerapo kuchokera pampanda, ndipo nkhani imeneyi muikambe ndi anansi anu, popeza moto wa kuseri kwa mpanda simudzauona. Udzu wouma wa m'mbali mwake uzilambulidwa chilimwe chisanafike. Wotchetcha kapinga auzidwe kuti asamenye mizati ndi chikwakwa, ndipo manyowa kapena milu ya dothi isatsamire matabwa. Mukafuna kubzala magalagadeya kapena nyemba zoyanga, ziimikireni mitengo ndi waya wake patsogolo pa mpanda, chifukwa mitanda sinapangidwe kuti isenze chomera cholemera chonyowa ndi mvula.

Kutsuka kumangofuna madzi, sopo ndi nsalu kapena burashi yofewa, kamodzi chilimwe chikatha ndi kamodzi mvula ikatha. Ndere zobiriwira zimene zimamera mbali ya mthunzi zimachoka ndi Jik wosungunula m'madzi ambiri, koma mutsukuluze bwino ndipo madziwo asayenderere m'mabedi a masamba. Musagwiritse ntchito thina, petulo kapena waya wotsukira miphika, chifukwa zimenezi zimaononga khungu lakunja lija limene limateteza mpanda ku dzuwa.

Nthawi yabwino yogwira ntchitoyi ndi pakati pa Meyi ndi Ogasiti, pamene mvula yatha, nthaka sinaumitsitse, ndipo konkire idzakhala itakhwima mikuntho isanayambe. Pa katundu amene mwana wanu adzatumize, awonjezere matabwa khumi, mitanda iwiri, mzati umodzi wa pakati ndi zivundikiro zingapo. Opanga amasiyana pa miyezo ya malilime ndi mabowo, moti thabwa la kampani ina sililowa mu la inzake, ndipo ngakhale wogulitsa atapereka chitsimikizo cha zaka zambiri, kubweza thabwa limodzi losweka ku Johannesburg kungadye ndalama zoposa mtengo wake. Zotsalazo zisungidwe zitagona pamalo osalala ndi amthunzi, pamodzi ndi pepala la malangizo a wopanga, limene mmisiri ayenera kuliwerenga ndi inu musanakumbe dzenje loyamba. Pamene miyezo ya wopangayo yapitirira imene ndapereka pano, tsatirani yake.